KULUMIKIZA MAFUPA OTHYOKA

Munthu akafuna kumanga nyumba ya mitengo, amayamba wazika mzati ndi nsichi, kenaka amayala phaso ndi kumanga zonsezo ndi luzi. Dothi lomata ndi udzu wofolera zimabwera pambuyo. Thupi la munthu nalonso lili ndi mizati ndi nsichi zake, ndiwo mafupa. Mnofu ndi khungu zimangokuta pamwamba. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo lalitali ndi lamphamvu kuposa onse ndi fupa la m'ntchafu.

Malo amene mafupa amakumana, monga pa bondo, pa chigongono, pa phewa ndi m'chiuno, amatchedwa mfundo. Pa mfundo zimenezi nsonga za mafupa zimakutidwa ndi kafupa kofewa, koyera ndi koterera, konga kamene kamaoneka kunsonga kwa fupa la nkhuku. Kafupa kameneka kamathandiza kuti mafupa aziyenda popanda kukhulana. Palinso mitsempha yolimba imene imamanga fupa lina ku linzake, monga momwe luzi limamangira phaso. Mitsempha imeneyi si ija yoyendamo magazi ayi. Ntchito yake ndi kugwira mfundo kuti isaguluke.

Ngakhale fupa ndi lolimba chotere, limathyoka ndithu. Nyengo ya mango ikafika, zipatala zimalandira ana ambiri ogwa m'mitengo. Anthu ena amathyoka pa ngozi ya njinga, ya galimoto kapena ya ngolo, ndipo ena amavulala pa bwalo la mpira. Mafupa a okalamba amafooka, kotero kuti kungoterereka pa khomo kungathe kuwathyola fupa la m'chiuno. Fupa la mwana ndi lanthete ngati nthambi yaiwisi, ndipo nthawi zina limangopindika ndi kung'aluka mbali imodzi. La munthu wamkulu limathyoka ngati chikuni chouma. Kuthyoka koopsa kwambiri ndi kuja fupa limaboola khungu ndi kutulukira kunja, pakuti dothi ndi tizilombo toyambitsa matenda zimapeza polowera.

Mkono wa Livingstone

Fupa lothyoka likapanda kusamalidwa bwino, munthu angathe kulumala moyo wake wonse. Chitsanzo chodziwika ndi cha Dr David Livingstone. M'chaka cha 1844, ali ku Mabotsa m'dziko limene lero ndi South Africa, mkango unamugwira pa phewa ndi kutafuna fupa la mkono wake wamanzere. Pafupi panalibe chipatala. Livingstone, amene anali dokotala iye mwini, anayesa kulumikiza fupalo mothandizidwa ndi mmishonale mnzake, koma silinagwirane bwino. Kuyambira pamenepo sanathenso kukweza mkonowo kupitirira phewa.

Iye anamwalira m'chaka cha 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Susi, Chuma ndi anzawo ananyamula mtembo wake mpaka ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ndipo unafika ku England m'chaka cha 1874. Popeza panali patapita miyezi yambiri, nkhope yake sinkadziwikanso. Madokotala a ku London anatsimikiza kuti anali iyeyo poona fupa la mkono lija, limene patapita zaka 30 linali likadali losagwirana bwino.

Fupa limadzilumikiza lokha

Palibe dokotala amene amamata fupa lothyoka ndi ulimbo. Fupa ndi chinthu chamoyo. Lili ndi magazi, limakula, ndipo limatha kudzikonza lokha. Likathyoka, magazi amatuluka ndi kugwirana pa malo othyokawo. M'magazi ogwiranawo mumayamba kumera kamnofu kamene kamalumikiza zidutswa ziwirizo ngati mlatho. Pakatha milungu iwiri kapena itatu mlathowo umakhala ulipo, koma ukadali wofewa. Pang'ono ndi pang'ono umasanduka fupa lenileni, ndipo pamalopo pamakhala chotupa cholimba, chonga cha pa mtengo umene unatemedwa ndi kupola. Thupi limapitiriza kusalaza chotupacho kwa miyezi yambiri.

Mafupa a ana amagwirana msanga kuposa a akulu. Mkono wa mwana ungathe kupola pa milungu 4 mpaka 6, pamene fupa la m'ntchafu la munthu wamkulu limafuna miyezi itatu kapena kuposerapo.

Komatu fupa limagwirana monga momwe lakhalira. Likakhala lokhota, limagwirana lokhota. Zidutswa zikasemphana, mwendo umafupika ndipo munthu amayenda motsimphina. Zikamagwedezeka tsiku ndi tsiku, mlatho wanthete uja umaduka, ndipo fupa silingagwirane konse. Chilonda chikalowa tizilombo, fupa limachita mafinya ndi kuyamba kuola. Motero ntchito ya dokotala wa mafupa ili patatu: kubwezera fupa m'malo mwake, kuligwira kuti lisagwedezeke, ndi kuliteteza ku tizilombo. Chikhakha, zingwe, zitsulo ndi opaleshoni, zonsezo ndi njira zochitira zinthu zitatu zimenezi.

Kuona fupa ndi kuliwongola

Kale dokotala ankangopapasa chiwalo chovulala ndi kuganizira m'mene fupa lathyokera. M'chaka cha 1895 Wilhelm Röntgen wa ku Würzburg, m'dziko la Germany, anatulukira kuwala kosaoneka ndi maso, kumene kumapyola mnofu koma kumatsekerezedwa ndi fupa. Kuwala kumeneku kumatchedwa X-ray. Chimodzi mwa zithunzi zake zoyamba chinali cha dzanja la mkazi wake, ndipo pachithunzipo panaoneka mafupa a zala pamodzi ndi mphete imene mayiyo anavala. Kuyambira nthawi imeneyo dokotala amatha kuona fupa asanaligwire.

Akaona chithunzi, dokotala amapatsa wodwala mankhwala oletsa ululu kapena ogonetsa, nakoka chiwalocho mosamala mpaka zidutswa zitayang'anizana. Kenaka amachikulunga ndi thonje, ndipo pamwamba pake amazengereza mabandeji okhala ndi ufa woyera. Mabandejiwo amayamba anyikidwa m'madzi, ndipo pakapita mphindi zochepa amayamba kuuma mpaka kulimba gwa. Chimenechi ndicho chikhakha. Anayambitsa mabandeji otere ndi Antonius Mathijsen, dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, m'chaka cha 1851. Mafupa ambiri, makamaka a ana, amapola ndi chikhakha chokha.

Fupa la m'ntchafu ndi lovutirapo, chifukwa lazunguliridwa ndi minofu yamphamvu imene imakoka zidutswa kuti zisemphane. Njira yakale yolithandizira ndi yokoka mwendo. Wodwala amagonekedwa pa bedi, ndipo mwendo wake umamangidwa chingwe chimene chimadutsa pa kagudumu kumiyendo kwa bedilo. Kunsonga kwa chingwecho kumalendewera chinthu cholemera, chimene chimakoka mwendowo usana ndi usiku. Mwana amachira bwino ndi njira imeneyi, koma munthu wamkulu ayenera kugona chagada milungu 6 kapena kuposerapo, munda ndi ntchito zake zili chiimire.

Adani awiri a opaleshoni

Mafupa ena amathyoka moti chikhakha kapena chingwe sizingawagwire. Pamenepo dokotala ayenera kung'amba mnofu ndi kukonza fupalo akuliona. Kale ntchito imeneyi inali ndi adani awiri, ululu ndi tizilombo.

Mdani woyamba anagonjetsedwa m'chaka cha 1846, pamene William Morton, dokotala wa mano wa ku Boston m'dziko la America, anaonetsa poyera kuti munthu angathe kugonetsedwa ndi mankhwala ndi kuchitidwa opaleshoni osamva kanthu.

Mdani wachiwiri anayamba kugonja kudzera mwa mnyamata wa zaka 11, dzina lake James Greenlees, wa mu mzinda wa Glasgow ku Scotland. M'mwezi wa Ogasiti 1865 gudumu la ngolo linamuponda mwendo, ndipo fupa linathyoka, pali chilonda chotseguka. Masiku amenewo munthu wovulala chotere kawirikawiri ankadulidwa mwendo, ndipo ambiri ankamwalira chilonda chitachita mafinya. Dokotala Joseph Lister anali atawerenga zimene Louis Pasteur wa ku France anapeza, zakuti zinthu zimaola chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso. Tsono iye anatsuka chilonda cha mnyamatayo ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa kaboliki, nachiphimba ndi nsalu yonyikidwa m'mankhwala omwewo, ndi kumanga mwendowo kuti usagwedezeke. Chilondacho sichinaole. Patapita pafupifupi milungu 6 fupa linali litagwirana, ndipo mnyamatayo anatuluka m'chipatala ndi miyendo yake yonse iwiri.

Ichi ndicho chifukwa chake lero zipangizo zonse za opaleshoni zimaphikidwa ndi nthunzi yotentha kwambiri. Dokotala ndi anamwino amasamba m'manja kwa mphindi zingapo, navala magolovesi, zovala zoyera ndi zophimba pakamwa. Wodwala amalandiranso mankhwala olimbana ndi tizilombo.

Zitsulo za m'thupi

Pogwira fupa pa opaleshoni, madokotala amagwiritsa ntchito zitsulo zosachita dzimbiri, zimene thupi silidana nazo. Njira zake ndi zingapo.

Yoyamba ndi ya mawaya. Mwana akagwa mu mtengo natsamira dzanja, kawirikawiri fupa limathyoka pamwamba pa chigongono. Zidutswa zikasemphana, dokotala amazibwezera m'malo mwake ndi kulowetsa mawaya awiri kapena atatu opyapyala kuti azigwire. Mawayawo amasololedwa pakatha milungu itatu kapena inayi.

Yachiwiri ndi ya chitsulo chaphanthiphanthi chokhala ndi mabowo. Chimenechi chimagonekedwa pa fupa ndi kumangidwa ndi misomali yamazinga, monga momwe mmisiri wa matabwa amalimbitsira mwendo wa mpando wong'aluka poukhomera kathabwa.

Yachitatu ndi ya msomali wautali. Mafupa aatali ali ndi mphako m'kati, mofanana ndi nsungwi, m'mene mumakhala mafuta a m'fupa. M'chaka cha 1939 Gerhard Küntscher wa ku Kiel, m'dziko la Germany, analowetsa msomali wachitsulo m'mphako ya fupa la m'ntchafu kuti ugwire zidutswa kuchokera m'kati. Poyamba madokotala anzake ambiri anamutsutsa, koma anadabwa poona kuti odwala ake ankadzuka pa bedi msanga. Lero munthu woikidwa msomali wotere angathe kuyamba kuyenda ndi ndodo patangopita masiku ochepa.

Yachinayi ndi ya zitsulo zakunja. Ngati chilonda ndi chachikulu ndi chodetsedwa, si bwino kukwirira chitsulo m'katimo. Dokotala amalowetsa tizitsulo m'fupa kumtunda ndi kumunsi kwa chilondacho, natimangirira ku chitsulo china kunja kwa mwendo. Motero fupa siligwedezeka, ndipo chilonda chimatha kutsukidwa nthawi ndi nthawi. Gavriil Ilizarov wa ku Kurgan, m'dziko la Russia, anapeza m'zaka za m'ma 1950 kuti zitsulo zotere zingathenso kutalikitsa mwendo waufupi. Fupa limadulidwa mwadala, ndipo zidutswa zimatalikitsidwa milimita imodzi yokha pa tsiku. Mu mpata umene ukutsegukawo mumamera fupa latsopano.

Mfundo ndi mitsempha

Mfundo nazonso zimavulala. Phewa kapena chigongono chikaguluka, dokotala amachibwezera m'malo mwake ndi manja, wodwala atapatsidwa mankhwala. Munthu akabinya kakolo, ndiye kuti mitsempha yakokeka kapena yang'ambika pang'ono, ndipo imapola yokha akaupumitsa mwendowo.

M'kati mwa bondo muli mitsempha iwiri yopingasana. Wosewera mpira akatembenuka mwadzidzidzi phazi lili chipondere, mtsempha wakutsogolo ungathe kuduka, ndipo bondo limayamba kugwedera. Mtsempha umenewu kawirikawiri sulumikizika wokha, ndiponso kuusoka sikuthandiza kwenikweni. Tsono dokotala amatenga kachidutswa ka mtsempha wina m'mwendo wa wodwala yemweyo, kunsi kwa bondo kapena kuseri kwa ntchafu. Amaboola mafupa awiri a pa bondo, nadutsitsa mtsempha watsopanowo m'mabowomo ndi kuumanga mbali zonse ziwiri. Pochita zimenezi sang'amba bondo lonse ayi. Amalowetsa kamera yaing'ono, yonga pensulo, pa kabowo kakang'ono, ndipo amagwira ntchito akuona zam'kati pa kanema. Wosewera mpirayo amadikira pafupifupi miyezi 9 asanabwerere m'bwalo.

Kafupa koterera ka pa mfundo kaja kakatha, chifukwa cha ukalamba kapena matenda, mafupa amakhulana ndipo munthu amamva ululu pa phazi lililonse limene waponda. M'chaka cha 1962 John Charnley wa pa chipatala cha Wrightington ku England anakonza mfundo ya m'chiuno yochita kupanga. Mutu wa fupa la m'ntchafu umachotsedwa, ndipo m'malo mwake mumaikidwa kampira kachitsulo kamene kamazungulira m'kachikho ka pulasitiki yolimba. Masiku ano bondo nalo limasinthidwa mofananamo.

Ntchitoyi m'Malawi

Kwa nthawi yaitali madokotala a mafupa akhala ochepa kwambiri m'Malawi. Pofuna kuthetsa vutoli, m'chaka cha 1985 Dr Ed Blair wa ku Canada anayambitsa maphunziro a achipatala otchedwa Orthopaedic Clinical Officers. Amenewa ndiwo amathandiza anthu ambiri othyoka mafupa m'zipatala za m'maboma. Opaleshoni zikuluzikulu zimachitika m'zipatala zazikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. M'chaka cha 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwanso chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION.

Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2002, chimathandiza ana opindika miyendo ndi obadwa ndi mapazi okhota. Khanda lobadwa ndi phazi lokhota likafika msanga kuchipatala, phazilo limawongoledwa pang'onopang'ono ndi chikhakha chimene chimasinthidwa mlungu uliwonse, ndipo silifuna opaleshoni yaikulu. Chizindikiro cha madokotala a mafupa ndi kamtengo kokhota komangiriridwa ku chikhomo chowongoka. Chithunzi chimenechi chinachokera m'buku la Nicolas Andry wa ku France, la m'chaka cha 1741. Akuluakulu a kuno nawo anati m'mera mpoyamba.

Zoyenera kuchita munthu akathyoka

Chithandizo chimayambira pa malo a ngozi. Wovulala sayenera kukokedwa kapena kuwongoledwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyi. Chiwalo chothyoka chitsamizidwe ku thabwa, ndodo kapena katoni yokulungidwa ndi nsalu, ndipo chimangidwe mosathinitsa. Ngati pali chilonda, chiphimbidwe ndi nsalu yoyera, osathirapo dothi, phulusa kapena zitsamba. Wovulalayo asapatsidwe chakudya, popeza mwina adzafunika kugonetsedwa ndi mankhwala. Koposa zonse, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Fupa limene lakhala pakhomo milungu ingapo limayamba kugwirana lokhota, ndipo kuliwongola kumafuna opaleshoni yaikulu.

Chikhakha sichiyenera kunyowa, ndipo si bwino kulowetsamo kamtengo pofuna kukanda. Zala zikatupa, zikazizira, zikachita dzanzi, kapena ululu ukamakulirakulira, wodwala abwerere kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Zimenezi zimasonyeza kuti magazi sakuyenda bwino, ndipo kuchedwa kungathe kupha chiwalo chonse.

Chikhakha chikachotsedwa, mkono kapena mwendo umaoneka wowonda, ndipo mfundo zimakhala zouma. Apa mpamene achipatala amaphunzitsa wodwala mafizo, ndiko kupinda ndi kutambasula chiwalocho tsiku ndi tsiku kufikira mphamvu zitabwerera. Wofulumira kuvula chikhakha kapena kuthamanga nthawi isanakwane angathe kuthyolanso fupa pamalo pomwe paja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene wafika msanga kuchipatala, nasunga malangizo onse, amabwerera ku sukulu ndi ku bwalo la masewera ali wowongoka monga kale.

Mafunso

1. Kodi munthu wamkulu ali ndi mafupa angati? Nanga lalitali kuposa onse ndi liti?
2. Kodi mitsempha ya pa mfundo imagwira ntchito yanji?
3. Madokotala a ku London anadziwa bwanji kuti mtembo umene anaulandira unali wa Livingstone?
4. Fotokozani m'mene fupa lothyoka limadzilumikizira.
5. Tchulani ntchito zitatu za dokotala wa mafupa.
6. Kodi Joseph Lister anachita chiyani kuti apulumutse mwendo wa James Greenlees?
7. Ndi zizindikiro ziti zimene zimasonyeza kuti munthu wovala chikhakha abwerere msanga kuchipatala?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mawu awa: chikhakha, kubinya, kuguluka, kutsimphina, dzimbiri.
(b) Perekani tanthauzo la mwambi wakuti “m'mera mpoyamba” ndipo fotokozani m'mene ukugwirizanira ndi nkhaniyi.
(c) Lembani ndime imodzi yofotokoza zimene mungachite mnzanu atagwa mu mtengo ndi kuthyoka mkono.